Kudikira munthu wakhumi

Ntchito yanga inali yokankha chikuku. Ndiyambire pamenepo, kuopa kuti wina angaganize kuti ndinachoka kumudzi ndi ludzu lofuna kudziwa mapempheredwe a Ayuda. Ndinafika ku England mu 2022 pa ntchito yosamalira okalamba, monga anafikira Amalawi anzanga ambiri nthawi imeneyo, ndipo pa mndandanda wa anthu oti ndiziwayendera panali agogo ena aamuna a zaka zopitirira 90, okhala okha m'kanyumba kawo m'tauni ina ya kumpoto. Pa pepala la malangizo, m'munsi mwa za mankhwala ndi za kusamba, panalembedwa kuti Loweruka lililonse m'mawa ndizipita nawo ku "shul". Ine ndinkayesa sukulu. Sindinaphonye kwenikweni, chifukwa mawuwa ndi a Chiyidishi, chilankhulo cha Ayuda a kum'mawa kwa Ulaya, ndipo anachokeradi ku mawu otanthauza sukulu. Koma iwo akati shul akunena sunagoge.

Ine ndine wa CCAP, wa Sinodi ya Nkhoma, wobatizidwa ndili khanda, mwana wa mayi wa Chigwirizano. Sunagoge amene ndinkamudziwa anali wa m'Baibulo, uja wodzaza ndi Afarisi oyembekezera kuti Yesu alakwitse. Kwathu tili ndi Ayuda amitundu iwiri m'mitu mwathu ndipo sitidabwa kuti sakugwirizana. Pali aja a m'sewero la Pasaka, amene anyamata a kwaya amawasewera atavala mashiti a pabedi akukuwa kuti "mpachikeni". Palinso aja a Israeli, odalitsika, amene mbendera yawo imapachikidwa m'matchalitchi ena a Pentekosite pafupi ndi mabotolo a mafuta odzozera. Myuda wachitatu, wa nyamakazi m'mawondo, wokonda tiyi wa shuga awiri, wodandaula kuti basi yachedwa, ameneyo palibe anandiuzapo za iye.

Tsiku loyamba kunali chisanu cholowa m'mafupa. Nyumbayo mukadaidutsa osaizindikira. Chitseko chinali chotseka, ndipo panja panaima bambo wina wachikulire atavala jekete lokhuthala. Anawapatsa moni agogo, kenaka anandifunsa ine dzina ndi chimene ndadzera, mwaulemu koma maso ali tcheru. Nditayankha anamwetulira n'kutithandiza kukweza chikuku pa sitepe. Pambuyo pake ndinamva kuti ndi mphunzitsi wopuma ntchito, ndipo amasinthana ndi anzake kulondera pakhomo, chotero Loweruka lake likafika amaphonya theka la mapemphero. Poyamba ndinaona ngati n'kukokomeza. Ndinasiya kuganiza choncho pa 2 Okutobala 2025, munthu ataukira sunagoge wa Heaton Park ku Manchester pa Yom Kippur, tsiku lawo lopatulika koposa, anthu awiri n'kufa.

Pa mphuthu ya chitseko panali kabokosi kakang'ono kopendekeka. Agogo anandiuza ndiime, anatambasula dzanja, anakakhudza, n'kupsompsona zala. Dzina lake ndi mezuzah, ndipo mkati mwake muli kachikopa kolembedwa mawu a pa Deuteronomo 6, pamene pamati mawu awa muwalembe pa mphuthu za nyumba zanu. Vesi limeneli ndinaliloweza ku Sande sukulu. Sizinandibwererepo m'mutu kuti pali anthu amene anatenga msomali n'kuchitadi zimenezo.

Mkatimo munali mochepa kuposa nyumba yopemphereramo ya m'mudzi mwathu. Mipando mwina ya anthu 60, anthu ake 13. Kutsogolo kunali kabati yaitali yotchingidwa ndi katani wofiira, pamwamba pake kanyali kosazima. Ndinawaika agogo pamalo pawo, n'kukakhala kumbuyo, mtima uli m'mwamba kudikira chija timachidziwa tonse: "Alendo amene mwatichezera lero, chonde imirirani, mutiuze dzina ndi mpingo umene mwachokera." Ndinali nditakonza kale mawu anga. Sanandiimiritse. Mayi wina wa tsitsi la imvi anangobwera, nandipatsa buku, nandionetsa kuti limatsegulidwa kuchokera kumene ife timati kumapeto, poti Chihebri chimawerengedwa kuchokera kumanja. Anandilozera tsamba la Chingerezi n'kunong'ona kuti ndikasokonezeka ndisadandaule, iwonso amasokonezeka. Ankati akapita tsamba lina, amatembenuka n'kundionetsa nambala yake ndi chala. Kulandiridwa kwanga kunali kumeneko. Palibe anandifunsa ngati ndinapulumutsidwa, kapena kunditenga nambala ya foni kuti adzandiyendere. Chiyuda sichisaka anthu oti atembenuke. Munthu akafuna kulowa amaphunzira kwa nthawi yaitali, chaka kapena kupitirira, ndipo kulowako amachita kukupempha yekha.

M'busa wawo, amene amati rabi, analibe wokhazikika. Ankabwera wina mwa apo ndi apo kuchokera ku mzinda waukulu. Masabata enawo ankatsogolera okha, lero dokotala wa mano, sabata yamawa mayi uja wa buku. Izi sizinandidabwitse, poti nafenso kumudzi abusa timawaona pa Mgonero, masiku ena onse ndi akulu ampingo. Chimene chinandidabwitsa ndi phokoso. Ife timayamba limodzi n'kumaliza limodzi. Iwo pena aliyense amang'ung'udza pa liwiro lake, wina akugwedezeka, wina watsalira, wina akufunsa mnzake za mwendo wake wodwala, kenaka mwadzidzidzi onse agwirizana pa nyimbo imodzi ngati anapangana. Amuna anavala tizipewa tating'ono pa liwombo, ndipo ambiri, amayi ena omwe, anafunda nsalu zoyera za mizere zokhala ndi mphonje m'ngodya zinayi, zija za pa Numeri 15. Sunagogeyu ndi wa gulu la Reform, n'chifukwa chake amuna ndi akazi ankakhala pamodzi. Kwa a Orthodox amakhala padera, ndipo kumeneko kukwera galimoto pa Sabata n'koletsedwa.

Pofika pa Shema agogo anaphimba maso ndi dzanja. Ndi mawu aja akuti imva Israeli, Mulungu wathu ndi mmodzi. Ndinkatsatira m'buku langa ndipo ndinazindikira kuti pamene ife timati Yehova, iwo akuti Adonai, kutanthauza Ambuye. Dzinalo salitchula. Lalembedwa pa tsamba, zilembo zinayi, diso limaliona koma pakamwa pamatuluka mawu ena. Ndinakumbukira makolasi athu, ndi maminibasi olembedwa dzina lomwelo kumbuyo pafupi ndi nambala, ndipo ndinachita kamanyazi. Koma ndikaganiza bwino, nafenso timadziwa ulemu wotere. Mayi anga anakhala ndi bambo zaka zonse zija osawatchula dzina ngakhale kamodzi. Apongozi ndiye osayerekeza.

Pemphero lalikulu amalinena ataimirira, atayang'ana ku Yerusalemu, mapazi ataphatikiza, chamumtima. Masiku wamba lili ndi madalitso 19, pa Sabata 7 okha, chifukwa pa tsiku lopuma sapempha zosowa zawo. Zimenezi zinandikhala m'mutu sabata yonse. Ine mapemphero anga ambiri ndi mndandanda wa zosowa: fizi ya ana a achimwene, feteleza, mapepala anga. Agogo sakanatha kuimirira. Koma pomaliza pempherolo munthu amabwerera m'mbuyo masitepe atatu, ngati akutsanzika kwa mfumu, ndipo iwo anandikodola kuti ndikokere chikuku m'mbuyo pang'ono. Kuyambira tsiku limenelo masitepe atatu awo ndinkawayendera ndine.

Kenaka anatsegula kabati ija. Anthu onse anaimirira. Anatulutsa mpukutu wa Torah, mabuku asanu a Mose, utavekedwa chovala cha veleveti ndi timabelu tasiliva pamwamba, n'kuzungulira nawo m'chipindamo atawukumbatira ngati mwana. Aliyense ankawukhudza ndi mphonje kapena ndi buku n'kupsompsona. Mpukutu umodzi uli ndi zilembo 304,805, zonse zolembedwa pamanja pa chikopa ndi nthenga, ntchito yotenga chaka kapena kuposa, ndipo chilembo chimodzi chikafufutika sauwerenganso pagulu mpaka atakonza. Powerenga sakhudza ndi chala, amalozera ndi kandodo kasiliva kokhala ndi kadzanja kumapeto. Amawerenga chigawo chigawo, zigawo 54, kuyambira Genesis mpaka imfa ya Mose, akamaliza tsiku lomwelo amabwereranso pa chiyambi. Mlaliki sasankha vesi limene lamukomera. Ikafika sabata ya malamulo a khate ndi nkhungu za m'makoma, amawerenga za khate, ndipo wotsogolera amavutika nazo pamaso pa onse.

Akamaliza kufotokoza, anthu amamutsutsa. Ndinaona ndi maso anga nkhalamba ina ikukweza dzanja n'kunena kuti ayi, Yakobo pamenepo anachita zachinyengo basi, tisamukometse. Ndinayang'ana pansi kudikira kuti akulu ampingo amutulutse. Anthu anangoseka, wina n'kumuyankha, mkangano n'kupitirira mpaka pa chakudya. Agogo anandiuza mwambi wawo, kuti pakakhala Ayuda awiri maganizo amakhala atatu.

M'kabatimo munali mpukutu wina umene sankautulutsa kawirikawiri, wakuda m'mbali. Unali umodzi mwa mipukutu 1,564 imene inatsala ku Prague eni ake a m'matauni a Bohemia ndi Moravia ataphedwa ndi a Nazi. Inafika ku Westminster Synagogue ku London mu Febuluwale 1964, ndipo kuchokera kumeneko inabwerekedwa ku masunagoge a m'maiko ambiri. Nditamva chakacho ndinati, chaka chimene ife tinalandira ufulu. Agogo anati, "Nyasaland." Ndiye anayamba kufotokoza. Makolo awo anachokera ku Lithuania nkhondo yachiwiri ya padziko lonse isanayambe. Mchimwene wa bambo awo sanaime ku England, anapitirira mpaka ku Northern Rhodesia kumene anali ndi sitolo, ndipo makalata ake ankabwera ndi masitampa amene agogo ankasunga ali mnyamata. Achibale amene anatsala ku Lithuania anaphedwa mu 1941. Mwa Ayuda 100 aliwonse a m'dzikolo, oposa 90 sanapulumuke. Ananena zimenezi mosakweza mawu, uku akundipempha ndiwakonzere bulangete pa mawondo.

Ndinakafufuza pambuyo pake ndipo ndinapeza kuti nkhani ya amalume awo (kwathu tikadati bambo aakulu) si yachilendo. Ayuda ambiri amene anakhala ku Zambia anachokera ku Lithuania ndi Latvia. Ku Livingstone nyumba imene inali sunagoge ikadalipo, pano ndi tchalitchi. Simon Zukas, amene boma la atsamunda linamuthamangitsa mu 1952 chifukwa cholimbana ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chomwe chija makolo athu anachikana, anabadwira ku Lithuania. Anamwalira ku Zambia mu 2021. Ndinakula pa mtunda wa maola ochepa kuchokera ku Chipata osamvapo zimenezi.

Mbale ya chopereka sinadutse. Ndinali nditakonza kandalama m'thumba, ndinabwerera nako. Pa Sabata sagwira ndalama, mamembala amalipira zawo pa mwezi kapena pa chaka, masiku ena. Ndinayesa kuwafotokozera agogo za Pepa Sande, mmene timavinira kupita kutsogolo ndi ndalama m'manja miraga ikupikisana, ndipo anaseka mpaka kutsokomola, nati mwina denga lawo likadasiya kudontha akadatengera nzeru imeneyo.

Mapemphero akatha amapita m'kachipinda ka kumbuyo. Amadalitsa vinyo, amadalitsa buledi woluka ngati tsitsi, amamuwaza mchere, aliyense n'kunyema. Pamakhala makeke, tiyi, kachasu wa Azungu pang'ono kwa ofuna, ndi nsomba yotchedwa hering'i yoviikidwa mu viniga, yozizira, yosaphika. Ine mwana wokulira usipa wokazinga ndinailawa kamodzi chifukwa cha ulemu. Mayi uja wa buku anaona nkhope yanga, ndipo kuyambira pamenepo ankandisungira keke. Anthu ankandifunsa za kwathu, za nyanja, ngati ndikuzolowera mdima wa Disembala pamene dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane (ndipo Sabata lawo limalowa nalo limodzi Lachisanu masana, kudzatuluka Loweruka nyenyezi zitatu zikaoneka). Ndinawauza kuti Sabata timalidziwa, tili ndi a Seventh Day ndi Malamulo yawo ku Thyolo. Patapita miyezi itatu ndinkadziwa kabati ya makapu, ndinkadziwa amene samwa mkaka, ndinkatha kung'ung'udza nawo nyimbo yotsekera. Ndinayamba kudziona ngati wapakhomo.

Ndiye linafika Loweruka lina la mvula mu Novembala.

Sabata imeneyo inali yokumbukira tsiku limene akazi awo a agogo anamwalira. Amati yahrzeit. Usiku wake ndinawathandiza kuyatsa kandulo ya m'kagalasi imene imayaka maola 24, ndipo m'mawa anavala tayi. Ankafuna kukanena Kaddish, pemphero la olira. Koma pali mapemphero ena, limeneli ndi limodzi mwa iwo, amene sanenedwa pokhapokha pakhale Ayuda akuluakulu khumi. Gulu la khumilo amati minyan. Marabi akale anachitenga pa Numeri 14, pamene azondi khumi aja akutchedwa khamu, ndipo ena amakumbutsanso Abrahamu akunenerera Sodomu, kutsika kuchokera pa 50 mpaka kuima pa 10. A Orthodox amawerenga amuna okha a zaka 13 kupita m'mwamba. Kuno amawerenga ndi amayi omwe. Ngakhale choncho, m'tauni imene ana onse anasamukira ku London ndi ku Manchester, khumi ndi nambala yaikulu. Kalembera wa 2021 anapeza Ayuda pafupifupi 271,000 ku England ndi Wales konse, ndipo ambiri mwa iwo ali m'mizinda iwiri imeneyo.

Kuwerenga kwake n'kochititsa chidwi. Saloza munthu n'kumati wani, thuu, chifukwa amakumbukira mliri umene unagwa Davide atawerenga anthu. Ena amati "osati mmodzi, osati awiri". Ena amatchula vesi la Salimo 28:9, limene m'Chihebri lili ndi mawu khumi ndendende, liwu limodzi pa mutu umodzi. Tsiku limenelo dokotala wa mano anayendetsa maso m'chipindamo milomo ikugwedera, ndipo vesilo linathera panjira. Anabwerezanso. Anaitana mlonda wa pakhomo kuti alowe. Linatsala liwu limodzi.

Ine ndinawerenga mwa kwathu, ndi chala pansi pa buku, ndipo ndinapeza khumi. Ndinadzuka n'kunena kuti, pepani, mwina mwandiiwala, ndilipo. M'chipindamo munangoti zii. Mayi uja wa buku anandigwira dzanja n'kunena motsitsa kuti, "Mwana wanga, sitinakuiwale. Koma sitingakuwerenge."

Zinandipweteka, ndisaname. Ndinakhala pansi nkhope ikutentha. Mumtima ndinkati, makapu ndimatsuka nawo, nkhalamba yawo ndimaisambitsa ndine, masitepe atatu ndimayenda ndine, lero ndasanduka mpando? Ndipo popeza ndine munthu wakuda m'dziko la Azungu, ganizo lina lija silinachedwe kufika. Ndinalikana msanga, chifukwa mmodzi mwa asanu ndi anayi amene anawerengedwawo anali mayi wakuda ngati ine, wochokera ku Caribbean, amene analowa Chiyuda zaka zambiri zapitazo. Nkhani sinali khungu. Komabe kudziwa zimenezo sikunachotse kuwawa.

Anadikira. Wotsogolera anachedwetsa dala, anaimba salimo lina, anafotokoza chigawo cha tsikulo motalikitsa. Wina anatuluka kukaimba foni panja. Patapita mphindi mwina 20 chitseko chinatseguka, n'kulowa mnyamata wa ku yunivesite, tsitsi lili nyankhalala, atavala juzi pamwamba pa zogonera, madzi akuchucha. Sanali wopemphera kwenikweni, ndinamva pambuyo pake, ankabwera kawiri pa chaka. Koma anthu anamulandira ngati wabwera ndi mvula ya dzinja. Anamuveka kachipewa, ndipo agogo anagwira mikono ya chikuku, nandiuza ndiwadzutse. Ndinawagwira m'khwapa, anaimirira akunjenjemera, n'kuyamba: Yitgadal v'yitkadash sh'mei raba. Ena onse ankavomera, amen.

Ndinkatsatira tanthauzo m'buku ndi diso limodzi, ndikudikira pamene atchule imfa, kapena manda, kapena kuti mzimu wa malemu uuse mumtendere. Palibe. Pemphero lonse, limene mbali yake yaikulu ili m'Chiaramu, ndi lotamanda Mulungu basi: dzina lake lalikulu likuzike ndi kuyeretsedwa, ufumu wake udze, ndipo pomaliza lipempha mtendere. Ndinamva Pemphero la Ambuye likuyenda chapansipansi m'mawuwo. Munthu woferedwa, amene ali ndi chifukwa chokwanira chokwiyira Mulungu, ndi amene amapatsidwa ntchito yomutamanda mokweza, ndipo saloledwa kuichita yekha kuchipinda. Ayenera kuvala, kutuluka m'nyumba, n'kupeza anthu asanu ndi anayi oti amuyankhe. Wofedwa kholo amachita zimenezi miyezi 11.

Pobwerera kunyumba sindinkalankhula. Agogo anazindikira. Anati, "Mwakwiya." Ndinati ayi. Anati, "Mwakwiya, ndipo chikuku chikudziwa." Kenaka anafotokoza kuti kuwerengedwa si mphoto ya munthu wabwino, ikadakhala mphoto mnyamata uja sakadalowa. Ndi ngongole. Myuda amabadwa nayo kapena amaisenza mwa kufuna kwake, ndipo amawerengedwa chifukwa ali pa goli limodzi ndi enawo. "Inu muli ndi katundu wanu," anatero. "Tikusenzetseninso wathu chifukwa choti mwatsuka makapu?"

Usiku umenewo ndinaganiza za bambo anga. Anakhala pa chikamwini zaka zoposa 40. Nkhokwe zonse za pakhomo anamanga ndi iwo, mudzi wonse unkawakonda, pa maliro ankakhala oyamba kufika. Koma eni mbumba akakhala pansi kukamba za munda kapena za ufumu, bambo ankatenga khasu n'kupita kudimba, ndipo palibe ankati adedwa. Akadawaitana kuti adzakhale pa bwalo limenelo, kukadakhala kunama, ndipo iwo akadadziwa kuti akunamizidwa. Ndinaona kuti chimene ndinkafuna m'mawa muja chinali choti andinamize pang'ono kuti ndimve bwino. Ndazolowera malo amene amakulandira ndi manja awiri chifukwa akuona membala wamawa. Awa anali atandipatsa zonse zimene akadatha kupatsa mlendo, osayembekezera kuti ndisinthe kanthu, ndipo chimodzi chimene sichinali changa anandiuza poyera. Sindikunena kuti mbola yake inatheratu. Mpaka lero vesi lija likamayenda m'chipindamo n'kundidumpha, ndimamva kenakake.

Mayi anga anamwalira mu Janyuwale wotsatira, chimanga chili m'mawondo. Uthenga unandipeza pa shifiti. Ndalama ya ndege ndinalibe, ndipo ngakhale ikadapezeka sindikadafika, poti kwathu maliro a nthawi ya mvula sachedwa. Ndinaonera pa WhatsApp, foni itagwiridwa ndi mdzukulu wina amene dzanja lake linkanjenjemera, netiweki ikuduka amayi a Chigwirizano ali pakati pa nyimbo. Ndinalira ndekha m'chipinda cha lendi, mopondereza mawu kuti ndisasokoneze aneba. Maliro n'kulirana, timatero, koma kuno wolirana naye ndani pa Lachiwiri masana? Amalawi anzanga anabwera Lamulungu, anasonkha chipepeso, tinaimba, Mulungu awadalitse. Koma aliyense anali ndi shifiti yake m'mawa mwake.

Loweruka ndinapita ndi agogo monga mwa nthawi zonse, poti ntchito ndi ntchito. Sindinauze munthu, koma iwo anali atauza kale onse. Mlonda wa pakhomo anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Ndikukufunirani moyo wautali." Ndinadabwa. Wachiwiri ananenanso chimodzimodzi, wachitatu yemwe. Ndi mmene Ayuda a ku Britain amapepesera ofedwa. Poyamba zinandimveka mozizira, ine wozolowera "pepani, pepani" wa munthu atakhala pansi pafupi nawe. Pofika wachisanu ndi chimodzi ndinali ndikulira.

Asananene Kaddish amawerenga maina a omwalira amene akukumbukiridwa sabata imeneyo. Mayi uja wa buku anali atandifunsa dzina la mayi anga n'kulilemba pa kapepala monga analimvera. Wotsogolera anawerenga maina a Chihebri, a Chijeremani, a Chingerezi, kenaka anaima, anayang'anitsitsa kapepalako, n'kulimbana ndi ng' wa m'dzina la mayi mpaka anamugonjetsa mwa theka. Akadakhalapo eni ake akadaseka mpaka kugwira nthiti. Tsiku limenelo anthu analipo 12, osawerengera ine. Anandiuza kuti ndikhoza kuimirira ngati ndikufuna. Ndinaimirira. Mawuwo sindinawanene, si anga, koma amen ndinavomera nawo, poti ameneyo tonse tili naye.

Agogo anatisiya chilimwe chathachi, ali m'tulo. Anaikidwa patangopita masiku awiri, m'bokosi la matabwa wamba lopanda chokongoletsa, atasambitsidwa ndi kagulu ka anthu odzipereka kamene amati chevra kadisha, adzukulu awo tingotero. Kumanda aliyense anaponya dothi ndi fosholo, osati kadzanja kamodzi ayi, kukwirira kwenikweni. Nanenso anandipatsa fosholo. Mwana wawo wamkazi anabwera kuchokera ku London n'kukhala masiku a shiva, asanu ndi awiri olira maliro, m'kanyumba kaja, pa kampando kafupi, magalasi a m'nyumba ataphimbidwa, bulauzi itang'ambidwa pachifuwa. Madzulo anthu ankabwera kudzapemphera, ndipo m'chipinda chochezera chija, mmene zaka zonsezi munkakhala iwo ndi wailesi basi, munalibe poponda. Ine ndinali kukhitchini ndi ketulo, chifukwa ndi ine ndekha amene ndinkadziwa kuti switchi yake imafuna kuigwirizira. Akuti chaka chisanathe adzaika mwala pamanda n'kuitananso anthu, monga timachitira ndi chiliza. Cha mayi anga tikusonkherabe.

Loweruka tsopano anandipatsa munthu wina woti ndizimusamalira, mbali ina ya tauni, choncho ku shul ndimapita mwa kamodzikamodzi ndikapuma. Ndinapitako mwezi watha. Mlonda sanandifunse dzina. Mayi uja anandipatsa buku, ngakhale tsopano ndimadziwa kolitsegulira. Dokotala wa mano anayendetsa maso, milomo ikugwedera, anafika pa ine, anandigwedezera mutu, n'kudumpha. Anali asanu ndi atatu. Munthu wina anati banja lina lili m'njira, basi yawo yachedwa. Ndinapita pa windo la kukhonde, pamene pamaoneka msewu wonse mpaka pa siteji, kuti ndikawaona akutsika ndiwauze a m'katimo.